Chinaka Chimene Alamu Anati Ndi Nyama

Chaka chimene boma linadzatenga amuna a m'mudzi mwathu kuti akasenze katundu ku nkhondo ya Jeremani, ine ndinali ndi mwana mmodzi, wamwamuna, amene anali atangoyamba kuthamanga. Bambo ake anapita nawo ku mtengatengako. Anachoka chimanga chili m'mawondo, ndipo tinakolola osamva ngati ali moyo kapena ayi.

Amuna angawo sanali a kumapiri kuno. Kwawo kunali kuchigwa, kotentha kuja, ndipo anabwera kwathu kufupi ndi Chongoni kudzakhala pa chikamwini. Atachoka, ine ndinatsala pakati pa abale anga, m'nyumba imene amuna angawo anamanga. Zimenezi zinkawasowetsa tulo abale awo. Ankati mkazi wotsala kwa amake alibe womuyang'anira, abale ake amangomubisira.

Nthawi imeneyo nkhaniyi sinali yamasewera. Mwamuna akakhala pa ulendo, moyo wake umakhala m'manja mwa mkazi wotsala kumudzi. Mkaziyo akagona ndi wina amatentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo ndi dzanja lake, odyawo amadwala mdulo: kutsokomola, kutupa miyendo, kuwonda mpaka kufa. Ngakhale mwamuna ali kutali, matendawo amamupeza komweko. Tonse tinkakhulupirira zimenezi, ine ndemwe. N'chifukwa chake mkazi wodziwa kuti sali bwino ankaitana kamwana kuti kadzamuthirire mchere. Koma wa kumwezi ankachitanso chimodzimodzi, ndipo apa ndi pamene panandigwetsa.

Mwana wanga anali wankhuli ngati bambo ake. Akamva fungo la nyama kwa anansi, ankakaima pakhomo pawo, chala m'kamwa, mpaka ine kuchita manyazi. Nanga nyama ndikanaitenga kuti? Mkazi wopanda mwamuna panyumba ndiwo zake ndi masamba ofutsa basi. Ndiye ndinayamba kumunamiza ndi chinaka.

Chinaka ndi timizu ta maluwa ena a m'madambo a kumapiri, tobulungira ngati timbatata tating'onoting'ono. Timakumba mvula ikatha, kutsuka, kuyanika, kenako kusinja mpaka ufa. Akazi a kwathu ankaphika chimtanda chimodzi n'kumacheka ndi mpeni. Ine ndinasintha chifukwa cha mwanayo. Ndinkatereka madzi pang'ono ndi nsinjiro zambiri, kuthiramo tsabola ndi chidulo, mchere wathu wa madzi a phulusa la makoko a nyemba. Zikawira, ndinkawaza ufa wa chinaka pang'onopang'ono, kwinaku ndikutakasa ndi mthiko mpaka phewa kuwawa. Chimayamba chotuwa, kenako chimafiira ngati chiwindi n'kuyamba kukana mthiko. Chikadali chofunda, ndinkanyowetsa manja n'kumabulunga ngati nthongo. Timibuluto ndinkatikazinga paphale mpaka kunja kudereko, mafuta a mtedza akutuluka, kenako n'kutiponya mu msuzi wa phwetekere. Mwana ankadya akuvina, ati nyama, nyama. Ine ndinkamusiya azitero, nanga zinkapweteka yani?

Tsiku lina m'nyengo yozizira, dzuwa litapendeka, ndinangoona munthu waima pabwalo. Anali alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga. Kuchokera kuchigwa mpaka kwathu ndi chikweza chokhachokha, munthu sakwera popanda chifukwa. Ati abwera kudzaona mwana. Kudzaona mwana chimanjamanja? Ngakhale kansomba kouma kamodzi? Ndinawayalira mphasa, ndinawalonjera bwinobwino, koma mtima wanga unati uyu sanabwerere mwana ayi. Poyankha malonje maso awo sanali pa ine. Anali kuseri kwa chitseko, pa mphasa yogonapo, pa mapazi a pabwalo.

Tsoka lake tsiku limenelo ndinali kumwezi. Itakwana nthawi yothira chidulo, ndinaitana kamtsikana ka akulu anga, kanathira n'kuthamangira kosewera. Sindinaganize kanthu, akazi tonse tinkatero. Nditacheuka ndinapeza alamu maso ali tong'o pa mphika.

Nditapakula, anatola kambulu kamodzi, kukanyema pakati, kukanunkhiza, kukabwezera m'mbale. Mwana anali atagwira kale kake. Alamu anamulanda n'kukaponyera galu.

"Alamu, mwana walakwa chiyani?"

"Nyama iyi wapha ndani?"

Ndinaseka, zoona ndinaseka. Ndinati si nyama iyi alamu, ndi chinaka, mizu ya kudambo. Kwawo kuchigwa chinaka sichimera, anali asanachionepo. Koma mwana, kalanga ine, anali ali gone pansi akulira, "Nyama yanga! Nyama yanga!"

"Mwamumva mwanayo," anatero alamu. "Mlongo wanga akusenza katundu kuthengo, inu kuno mukudya nyama. Ndipo mchere mukuopa kuthira nokha. Mukuyesa sindinaone?"

Mthiko unali m'manja, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira dzanja. Ndinawauza kuti ndili kumwezi, ngati akufuna tipite kuseri akaone okha. Anati aliyense wogwidwa amanena zomwezo. Ndinakuwa mpaka amayi anatuluka m'nyumba mwawo, akazi ena n'kuima patali ndi mitsuko pamutu.

M'mawa mwake nkhani inapita kwa atsibweni anga, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu. Amayi analumbira kuti chija chinali chinaka, akulu anga analumbiranso. Alamu anangopukusa mutu.

"Nanga mungamunenere zoipa mwana wanu? Ine ndamva kuchigwa komwe kuti kuno kuli bambo wa misampha amene amadziwa njira ya kudambo."

Bamboyo analipodi, wa mudzi wa kutsidya la mtsinje, wotchera agwape. Anamusiya ku mtengatenga chifukwa ankatsimphina, ndipo mkazi wake anali atamwalira. Misampha yake inali m'mphepete mwa dambo lomwelo limene ndinkakumbamo chinaka. Tsiku lina anandilozera mwendo wa gwape, ati kamupatseni mwana. Ndinakana, ndinati amuna anga kulibe, sindilandira za amuna. Panali patapita miyezi. Tsono nkhaniyo inatsika bwanji phiri lonse mpaka kuchigwa? Ndinayang'ana akazi amene anakhala pamenepo mmodzimmodzi, abale anga enieni, amene tinkasinja mtondo umodzi. Onse nkhope zili bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kucheza pachitsime.

Alamu ananena poyera chimene ankafuna. Ngati ndi zoona, ukwati uthe, mlongo wawo akabwera asalowenso m'nyumba mwanga. Atsibweni anali munthu wosakonda phokoso. Anagamula kuti alamu akhale kaye mpaka ine nditayera, kenako anditsate kuyambira kokumba mpaka pamoto. Ndithire mchere ndi dzanja langa, mwana wanga adye iwo akuona. Mayi wodziwa kuti ndi wotentha sangadyetse mwana wake zotero. Alamu anavomera, koma movuta.

Masiku amenewo, aa, sindidzawaiwala. Tinkagona nyumba imodzi ngati anthu osungana mkaidi. Ndikapita kuchitsime, iwo pambuyo. Kunkhuni, iwo pambuyo. Ngakhale kuthengo kodzithandiza ankaima chapatali n'kumatsokomola kuti ndidziwe kuti alipo. Galu akauwa, ankathamangira pakhomo kukaona amene akudutsa. Komanso ine sindinkawakhulupirira ngakhale pang'ono. Ndinkati munthu amene wakwera phiri kudzafuna mlandu sangabwerere wopanda mlanduwo. Nanga atamuthirira mwana kanthu m'phala kuti atsokomole, ndani angandimvere? Anali ndi kathumba kachikopa m'chiuno kamene sankavula ngakhale posamba. Ati ndi fodya wa m'mphuno. Mwina analidi fodya. Koma mwana ndinamubwezera kumsana ngati khanda, ngakhale anali wolemera, ndipo chilichonse chimene iwo amupatsa ndinkayamba ndalawa ine. Ankaona, ine ndinkaonanso kuti aona. Tinkaitanana alamu, alamu, mano ali gwa.

Nditayera tinapita kudambo m'mawa, mame akuwawa kumapazi. Ndinawaonetsa mapesi ouma a maluwa aja, ndinakumba ndi kamtengo, timizu n'kumatuluka. Anatola kamodzi, kukakanda ndi chikhadabo, kukaluma, kulavula. Ndinayamba kumva kupepuka. Ndiye taonani tsoka la munthu: potukula mutu, uyo akubwera m'kanjira ka m'mphepete, akutsimphina, gwape ali paphewa miyendo ili lende. Masiku onse a chaka, anasankha limenelo!

Sanayandikire. Anaima patali n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Mwadzuka bwanji, amayi? Kamnyamata kaja kali bwanji?"

Ndikanapanda kuyankha, alamu akanati ndikubisa. Nditayankha, anati chapansipansi, "Oho. Mpaka mwana akumudziwa."

Ndinakumba ngati ndikukumba manda awo.

Timizu tija tinauma padzuwa alamu akutilondera ngati mapira a mbalame. Tsiku lophika ndinatulutsa mafuwa pabwalo kuti aliyense aone. Mtedza anasinja okha, ati kuopa ndingabisemo kanthu. Madzi anatunga okha. Ine ndinatakasa mpaka thukuta kutsika m'nyengo yozizira ngati ija, chinaka n'kufiira pamaso pawo. Chidulo ndinachikweza m'mwamba, n'kunena kuti, "Penyani bwino alamu, dzanja ndi langa ili." Ndinabulunga, ndinakazinga, ndinaponya mu msuzi. Mwana anadya mpaka mimba ndii, msuzi ukutsikira m'zigongono. Ndikunena zoona, ngakhale ndinkadziwa kuti ndine wosalakwa, pomuona akumeza mtima unkagunda. Mwana amatha kudwala ndi mphepo chabe, ndipo kudwala kulikonse kukanakhala mlandu wanga.

Alamu analawa kachidutswa. Anatafuna nthawi yaitali.

"Zikufanana," anatero. "Koma za tsiku lija zinali ndi mafuta ambiri."

Ha! Ndinangokhala pansi. Ndinazindikira kuti ngakhale nditaphika mpaka dambo lonse litatha, mayi ameneyu sadzakhuta.

Anakhalabe masiku ena akudikira chifuwa cha mwana. Akayetsemula ndi utsi, iwo khutu tcheru. M'mawa uliwonse ankamutsina timiyendo kuti aone ngati tatupa. Mwana sanadwale, ankangothamangitsa nkhuku. Potsiriza anamanga nsalu yawo. Sanapepese. Potsanzika anauza atsibweni kuti matendawa nthawi zina amalumpha mwana n'kukagwira wa pa ulendo, ndiye tidzaona akabwera mwini wake.

Mwini wakeyo anabwera mvula yoyamba itagwa. Njira yochokera kunkhondo inkadzera kuchigwa, choncho anayamba wafika kwawo, ndipo amene anawakweza phiri anali alamu omwewo. Nditawaona ndinaponya khasu. Munthu anachoka ali ndi mapewa odzaza pakhomo, anabwera mafupa okhaokha, atatsamira ndodo. Miyendo yotupa mpaka kunyezimira. Chifuwa chosalekeza. M'mimba mosagwira kanthu, ngakhale phala. Mwana anawathawa.

Amuna ena a m'mudzi mwathu anabweranso chimodzimodzi, ena sanabwere n'komwe. Ankasimba za njala, za kumwa madzi a m'zithaphwi, za kugona pamvula ndi katundu pamutu. Koma amenewo analibe mlongo wonga alamu anga. Alamuwo anaimika amuna anga pabwalo, asanalowe n'komwe m'nyumba, n'kuloza miyendo ija.

"Atsibweni ake a mkaziyu, bwerani mudzaone. Kutupa uku, chifuwa ichi, ndi chiyani? Ndinanena ine. Ndamubweretsa kuti mumuone ndi maso anu, mawa ndikubwerera naye."

Anthu anasonkhana. Palibe amene anatsutsa, chifukwa zizindikiro zinalidi zomwezo. Ngakhale amayi anga anayang'ana pansi. Zimenezo zinandipweteka kuposa mawu onse a alamu. Ine ndinagwada chapatali, ndikudziwa kuti akatsika phiri mawa, ukwati watha, ndipo dzina langa lidzakhala la mkazi amene anadula mwamuna wake ali kunkhondo.

Amuna anga anakhala pa mtondo wogona, akupuma movutika. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Amake mwana, nyama imene akunena achemwaliyi ilipo?"

Ndinati ufa wake ulipo, ndinasunga mu nsupa.

"Ndiphikireni. Pompano, pabwalo pano."

Alamu anakuwa kuti ayi, mkaziyu akufuna akumalize. Amuna anga anangokweza dzanja. Ndinasonkha moto. Nsinjiro zinatayikira pansi, amayi anabwera kudzandigwirira mphika. Itakwana nthawi ya mchere ndinaima, osadziwa chochita. Kamtsikana ka akulu anga kanali pomwepo.

"Thirani nokha," anatero amuna anga.

Ndinathira. Ndinabulunga timibulu tating'ono kuti asavutike kumeza. Nditawapatsa mbale, sananyeme, sananunkhize. Anatola n'kuika m'kamwa. Munthu amene m'mimba mwake munkakana phala anadya kamodzi, kachiwiri, mpaka mbale mbee, thukuta lili chuchuchu pamphumi. Atamaliza ananyambita zala n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Achemwali, zikomo pondikweza phiri. Ine kwathu ndi kuno. Amene wandidwalitsa ndi katundu wa azungu, mkazi uyu musiyeni."

Alamu ananyamuka osatsanzika, anakagona kwa anansi. Amayi analulutira. Ine ndinalira ngati mwana, osabisa. Chimwemwe chonga chimenecho sindinachimvepo chiyambire, ngakhale tsiku limene ndinabereka. Ndinati mumtima, dziko lonse lindikayikire, munthu uyu yekha akundidziwa.

Anthu atabalalika, dzuwa lisanalowe, ndinawasowa pabwalo. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atagwada, akusanza zonse zija. Ndinathamanga kukatunga madzi m'chikho, ndinawagwira pamphumi mpaka analeka. Anachukucha m'kamwa, anatsamira nkhokwe. Ndinayamba kuwakalipira mwachikondi, kuti nanga munadyeranji zonse, kamodzi kakanakwana.

Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina. Kenako anandigwira dzanja n'kulankhula motsitsa.

"Pano tili awiri. Sindikusiyani, ndanena kale pamaso pa anthu, ndipo mwana sangakule amake akulozedwa chala. Koma ndiuzeni ine ndekha, ndidziwe chimene chikundipha. Ndi wa misampha uja?"

Ndinamva ngati andithira madzi a m'mawa kumsana. Ndiye kuti mbale yonse ija anaidya akuganiza kuti mwina akumeza imfa yawo. Anaidyera ine, inde, koma osati chifukwa chondikhulupirira. Ukali wanga wonse uja, umene unkafuna kuphwanya alamu ndi mthiko, sunabwere. Mawu anatuluka aang'ono.

"Ayi. Palibe munthu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga timachitira ndi mwana amene akukana kuti sanabe mtedza. Anandisisita dzanja, n'kundipatsa chikho kuti ndikawonjezere madzi.